Mmene mungakonzere mtsutso wa kutha kwa nkhondo ya ku Mozambique kuno kumalire

Anzanga amene mumayendetsa madibeti m'masukulu, magulu a achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti, olo magulu omvera wayilesi kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, pali mutu umodzi omwe timauzemba chonsecho uli pakhomo pathu penipeni. Nkhondo ya ku Mozambique ija inatha bwanji, anthu analipira chani kuti ithe, nanga anapindula ndani. Ana timawapatsa mitu ya mafoni kusukulu, ya yunifolomu, ya kumudzi ndi kutauni kwabwino nkuti, zabwinobwino ndithu, koma msewu wa M1 omwe akuyenda tsiku ndi tsiku pa Biriwiri, pa Tsangano, pa Lizulu apa, mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique, ndipo agogo awo ambiri nkhondoyo anaiona ndi maso, ena anachita kuthawa nayo ana ali kumsana. Mutu umenewu ngotheka kuukamba pagulu, bola muukonze bwino, chifukwa mukangoupanga mwachisawawa mutha kuliza anthu akuluakulu pachabe kapena kuyambitsa zandale zomwe simunaziitane.

Poyambira ndi mutu weniweniwo. Chonde musalembe pabolodi kuti "Mtendere ndi wabwino kuposa nkhondo". Palibe mwana angatsutse zimenezo ndi mtima wake onse, oyamba kuyankhula angoti nkhondo simanga mudzi, anthu m'manja phaphapha, dibeti yathera pompo. Funso lomwe limagawa anthu ndi la mtengo wake. Ine ndimakonda kuuika chonchi: "Mozambique inachita bwino kukhululukira onse amene anapha anthu kuti nkhondo ithe." Pamenepo nde mbali zonse ziwiri zili ndi poponda, ena aziti nkhondo simanga mudzi, anzawo aziyankha kuti mlandu suola, ndipo onsewo akunena zomwe makolo athu amanena. Ngati gulu lanu ndi la akuluakulu mutha kuuika motere: "Amene anavutika kwambiri ndi nkhondo ndi amenenso analipira kwambiri pa mtendere." Umenewu ngolemerapo, kwa ana a fomu 1 ndi 2 ayi.

Musanagawe matimu, khalani nawo pansi onse pamodzi mugwirizane mfundo zomwe sizitsutsidwa, apo ayi nthawi yonse idzathera kukangana za chaka. Nkhondo inali ya boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba patangopita nthawi yochepa dzikolo litalandira ufulu mu 1975, Renamo poyamba inkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia kenako la tsankho la South Africa. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ambiri osati ndi chipolopolo koma njala ndi matenda chifukwa minda, zipatala ndi misewu zinali zitaonongeka. Kuno kwathu othawa nkhondo anayamba kulowa mwaunyinji mu 1986, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni m'dziko lomwe kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni basi. Zokambirana zinayamba ku Rome mu 1990 mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio komanso Arkibishopu wa ku Beira a Jaime Gonçalves, zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi, mpaka pa 4 October 1992 pomwe pulezidenti wa dzikolo a Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo a Afonso Dhlakama anasainira mgwirizano. Mulembe zimenezi papepala limodzi, timu iliyonse ikhale nalo. Mukafuna tsiku labwino lochitira dibetiyo, sabata ya 4 October ndi yabwino, tsidya linalo ndi tsiku la holide ya mtendere ndiye olo abale a ku Angonia mutha kuwaitana adzamvere nawo.

Timu yovomereza ntchito yake imaoneka ngati yophweka ndiye imachita ulesi, muikankhe. Asamangoti anthu anasiya kufa, anene zogwirika. Othawa nkhondo pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kuchoka m'maiko oyandikana nawo, ndipo kuno ku Dedza ndi Ntcheu ambiri sanadikire galimoto ya bungwe, anangosenza katundu kudutsa msewu kukayamba kulima minda yawo yakale. Mu October 1994 kunachitika zisankho zoyamba za zipani zambiri, a Chissano anawina upulezidenti, Frelimo inapeza mipando 129 ku nyumba ya malamulo, Renamo 112, ndekuti anthu omwe dzana anali kutchire ndi mfuti anakakhala pampando kumatsutsana ndi pakamwa. Asilikali masauzande ambirimbiri a mbali zonse anatula zida nkumalandira kandalama kwa zaka ziwiri kuti ayambire moyo kumudzi. Mabomba okwirira omwe ankadula anthu miyendo m'minda anazulidwa pang'onopang'ono mpaka mu 2015 dzikolo linalengeza kuti malo onse odziwika kuti muli mabomba ayeretsedwa. Zaka 23 kuzula zomwe zinakwiriridwa nthawi ya nkhondo, mwana wochenjera apo atha kufunsa kuti nanga ikanapitirira zaka zina zisanu bwezi tikuzula mpaka liti.

Ndiye pali phindu la ife eni ake a Malawi lomwe ana ambiri salidziwa. Katundu wathu wambiri ankadutsa pa njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, nkhondo itadula njanji zimenezo feteleza, mafuta, fodya, tiyi zinayamba kuzungulira mpaka ku Durban kapena Dar es Salaam, thiransipoti inakwera koopsa ndipo amene amalipira anali munthu wamba pogula thumba la feteleza. Asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala ndipo ena sanabwerere ndi moyo. Lero mathiraki akudutsa pa boda ya Dedza kupita ku Tete ndi ku Beira popanda kudikira kuperekezedwa ndi asilikali, pa Lizulu tsiku la msika kachewere, kabichi, tomato, anyezi zochokera mbali zonse ziwiri zili mbwee, makwacha ndi mameticais akusinthana m'manja. Muwauze ana apite pamsikapo akafunse ogulitsa achikulire kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malo amenewa amaoneka bwanji. Poyinti yomwe mwana waitola yekha pamsika amaiyankhula ndi mphamvu kusiyana ndi yomwe mwamulembera.

Tsopano timu yotsutsa, apa nde pofunika nthawi yanu yambiri, chifukwa ana amaopa kuoneka ngati akufuna nkhondo. Muwauze poyera kuti sakuikira kumbuyo nkhondo, akuyankhulira anthu amene sanaitanidwe ku Rome. Mgwirizano utangosainidwa nyumba ya malamulo ya Mozambique inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nthawi ya nkhondo, mbali zonse ziwiri. Panalibe khothi, panalibe komiti yofufuza zoona ngati ija ya ku South Africa yomwe ankatsogolera a Desmond Tutu, panalibe kuti wakuti uja afotokoze pagulu zomwe anachita. Mayi amene anagwiriridwa, bambo amene anadulidwa makutu kapena milomo, mwana amene anabedwa nkusandutsidwa msilikali, onsewo anangouzidwa kuti zatha, tiyang'ane kutsogolo. Munthu kumakumana pachigayo kapena pamjigo ndi amene anaotcha nyumba yako, ukumudziwa, iyenso akudziwa kuti ukumudziwa, ndiye mupatsane moni. M'midzi anthu anadzipezera okha njira, obwerera kunkhondo amasambitsidwa mankhwala ndi asing'anga kapena kupempheredwa kutchalitchi kuti mizimu ya omwe anawapha isalowe nawo m'mudzi, ndipo zinathandiza kuti anthu akhalirane, koma timu yotsutsa ifunse kuti kusambitsa wakupha kumamubwezera chani wamasiye.

Ionjezerenso kuti atsogoleri ndi amene anatuluka ndi kanthu m'manja. Renamo inapatsidwa madola mamiliyoni kudzera ku United Nations kuti isanduke chipani, akuluakulu ake anapeza nyumba ndi magalimoto mtauni, pomwe mlimi wa ku Domue kapena ku Tsangano anabwerera nkupeza ng'ombe zonse zinapita, sukulu ndi bwinja. Ndipo mtenderewo unali ndi ming'alu. Mu 1994 Renamo inapeza mavoti ambiri m'zigawo ngati Tete, Sofala ndi Zambezia koma abwanamkubwa a zigawo nthawi imeneyo ankasankhidwa ndi pulezidenti, dandaulo limeneli linakhala likufuka, zida zina sizinatulidwe, mu 2013 kuomberana kunayambiranso, mu 2016 tinaonanso anthu masauzande akuthawira ku Kapise ku Mwanza nkukasungidwa ku Luwani ku Neno. A Dhlakama anamwalira mu 2018 ali kuphiri ku Gorongosa, mgwirizano wina unasainidwa pa 6 August 2019 pakati pa pulezidenti wa nthawiyo a Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo a Ossufo Momade, ndipo kampu yomaliza ya Renamo inatsekedwa mu 2023. Ndiye mwana wotsutsa atha kunena kuti bala lomwe munamanga osalitsuka linatukusira, ndipo wovomereza ayankhe kuti olo zinabwerera sizinafike ngati zakale. Pamenepo ndi pomwe dibeti imakoma, asiyeni alimbane.

Osaiwala zomwe ife a kuno tinataya. Othawa nkhondo ambiri ku Ntcheu ndi Dedza anakhala m'midzi mwa abale awo, paja Angoni ndi Achewa a mbali zonse ndi amodzi, malire anangodula pakati pa mabanja. Anthu anagawana minda, zitsime, makalasi, ndipo mitengo m'mapiri inatha ndi nkhuni ndi milimo, mpaka pano mapiri ena sanabwererenso mwakale. Komanso pali nkhani yovuta yoti nkhondo itatha ena kuno anadandaula, chifukwa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira a thandizo zomwe zinkapezeka motchipa pamsika zinasiya kubwera, ntchito za m'mabungwe zinatha, aganyu otchipa anapita. Ana ena amachita manyazi kutchula zimenezi. Atchule, chifukwa zikuonetsa kuti nkhondo ikakhalitsa pamakhala anthu omwe moyo wawo wayamba kudalira nkhondoyo, ndipo nchimodzi mwa zifukwa zomwe nkhondo zazitali zimavutira kutha.

Gawo lomwe ndikupempha kuti musalidumphe ndi lokacheza ndi akuluakulu. Muyambire kwa amfumu, mufotokoze cholinga, iwo ndi amene angakuuzeni kuti agogo akuti angayankhule, akutiakuti musawayandikire nkomwe pa nkhaniyi. Ana apite awiriawiri, mtsikana akhalepo ngati mukukacheza ndi amayi, alonjere mwaulemu, akhale pansi, foni m'thumba pokhapokha eni ake atalola kujambula mawu. Funso loyamba lisakhale lakuti agogo munaona anthu akuphedwa. Ayambe ndi zakuti agogo, munabwera chaka chanji, anakulandirani ndani, munkadya chani, tsiku lomwe munamva kuti nkhondo yatha munali kuti, munakhulupirira pompo kapena munadikira kaye. Zoopsazo akafuna kunena anena okha, akakhala chete ana asakakamize, athokoze nkusintha nkhani. Ndipo funso lomwe limatulutsa zenizeni ndi ili: agogo, akanakufunsani inuyo nthawi imene ija kuti tiwakhululukire kapena ayi, mukanati chani? Mudzadabwa kuti mayankho sakhala amodzi, wina amene anataya ana ake atha kunena kuti bola zinatha, wina amene anangotaya mbuzi nkukhala owawidwa mtima mpaka lero, ndipo ana aphunzire kuti sangamuyankhire munthu.

Pa dibetipo maina a anthu amenewa asatchulidwe, olo mudzi wawo ngati ndi waung'ono. Angoti mayi ena achikulire anatiuza. Komanso lamulo lolimba: palibe kuloza munthu wamoyo wa m'dera lino kuti anali wa Renamo kapena kapilikoni wa Frelimo. M'midzi yathu muno muli anthu amene anakwatira konkuno nkukhazikika, ana awo ali m'kalasi momwemo, mawu amodzi otayirira atha kuononga zomwe anthu akhala akusoka kwa zaka zoposa 30.

Tcheyamani musankhe munthu wofatsa koma osaopa kudula munthu pakamwa, mphunzitsi wopuma, mkulu wampingo, kapena mayi amene anthu amamumvera. Timu iliyonse anthu atatu, aliyense mphindi zisanu, kenako mphindi khumi zofunsana mafunso, kenako mutsegulire omvera. Ntchito yaikulu ya tcheyamani ndi kutseka zitseko ziwiri. Choyamba ndi ndale za kuno, chifukwa wina adzatchula kuti boma la a Kamuzu Banda linkanenedwa kuti likusunga a Renamo, ndipo nzoona kuti mu September 1986 a Samora Machel, a Robert Mugabe ndi a Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzakumana nawo pa nkhani imeneyi, patangotha mwezi a Machel nkufa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Zimenezo zinenedwe ngati mbiri, koma zikangoyamba kusanduka zakuti chipani chanu chipani chathu, tcheyamani adule. Chachiwiri ndi misozi. Wina akayamba kulira poyankhula musaombe m'manja, musamuthamangitse ndi belu, imani kaye, wina amuperekeze panja ngati akufuna, nkupitiriza modekha.

Zitsanzo za kunja zilipo zothandiza koma timu iliyonse itenge chimodzi kapena ziwiri basi, asasandutse dibeti kukhala mpikisano wotchula maiko. Ku Colombia mu October 2016 anthu anafunsidwa pa riferendamu ngati akuvomereza mgwirizano ndi zigawenga za FARC patatha zaka zoposa 50 akumenyana, okana anawina ndi mavoti ochepa zedi, ambiri ponena kuti zilango zachepa, mgwirizano unakonzedwanso nkusainidwa mwezi wotsatira. Ku Northern Ireland mu 1998 anthu 71 pa 100 alionse anavomera mgwirizano olo ankadziwa kuti akaidi omwe anapha abale awo atulutsidwa. Ku Angola anayesa mgwirizano mu 1991 ndi zisankho mu 1992, mtsogoleri wa gulu lomwe linkamenyana ndi boma a Jonas Savimbi anakana zotsatira, nkhondo inapitirira mpaka iwo ataphedwa mu 2002, zaka khumi zina za maliro. Chitsanzo cha Angola chimathandiza ovomereza, cha Colombia chimapatsa otsutsa funso lakuthwa lakuti nanga a ku Mozambique anafunsidwa liti. Ngati mukufuna kuibweretsa pafupi ndi lero, kumbutsani kuti mu January 2025 asilikali athu anafa kum'mawa kwa DRC ndipo kenako boma linalamula kuti otsala abwerere, anthu pa Facebook ndi pawayilesi anagawanika pomwepo, ena kuti abwere ana athu, ena kuti nde anzawo aja afera chani. Funso lakuti afera chani limabwera pa nkhondo iliyonse yayitali ikamatha, ana alidziwiretu ndipo akonzekere kuliyankha mwaulemu chifukwa olifunsa nthawi zambiri ndi ofedwa.

Maganizo anga sindibisa, ine ndili mbali yoti anachita bwino kusaina, chifukwa palibe mbali yomwe ikanawina msanga, chilala cha 1992 chinali chitafika poipa, ndipo mukanati atsogoleri a Renamo kapena akuluakulu a asilikali a boma akayankhe kukhothi palibe akanatula mfuti. Koma mukakhala patironi maganizo anu muwasunge mpaka kumapeto, ndipo chomwe sindilola ndi mwana kuwina dibeti imeneyi asanatchule amene analipira. Nchifukwa chake majaji muwauze kagawidwe ka malikisi kasanayambe: mfundo zoona, umboni omwe anautola okha kwa anthu, kuyankha zomwe anzawo anenadi osati zomwe analoweza kunyumba, ndi gawo lina lapadera lomwe timu iliyonse ipatsidwe mphindi ziwiri kuti inene mfundo yamphamvu kwambiri ya anzawo mwachilungamo, mpaka anzawowo avomere kuti eya ndi zomwe tikutanthauza. Gawo limeneli likhale ndi malikisi ochuluka. Ovomereza anene ndi pakamwa pawo kuti wamasiye uja sanapatsidwe chilungamo, otsutsa anene ndi pakamwa pawo kuti popanda chikhululukiro chija mwina agogo awo sakanabwerera kumunda kwawo.

Omvera avote kawiri, asanayambe ndi atamaliza, pogwiritsa ntchito timapepala kapena nyemba ndi chimanga m'chitini kuti wina asaone mnzake wavotera kuti, ndipo muike chitini chachitatu cha amene sanaganize bwino. Muwerenge pagulu kuti angati asintha maganizo. Mukatha apo mupereke mpata kwa akuluakulu omwe munacheza nawo, ngati abwera ndipo akufuna, kuti akonze pomwe ana alakwitsa, iwo asapatsidwe malire a mphindi. Zomwe ana analemba pocheza ndi agogo aja musataye, muzisunge mufayilo kwa patironi maina atafufutidwa, chaka chamawa timu ina idzayambire pamenepo nkuonjezera midzi ina yomwe simunafikeko.